Tonse Tinkasambira Sopo Wagolide

Ndaphunzitsa za malonda pa sekondale zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ndiululiretu musanakamve kwa ena: sheya sindinagulepo ngakhale imodzi. Msika wa masheya ndimaudziwa ngati mmene mlonda wa pabanki amadziwira ndalama. Ana amanditchula kuti a Phindu, poti mawu amenewo sachoka pakamwa panga. Amayesa sindidziwa. Ndimadziwa, ndipo kunena zoona dzinalo limandikomera, chifukwa mnzanga wophunzitsa jogalafe amamutchula kuti a Chipululu kaamba ka dazi.

Bambo anga ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ya eni ake. Anali munthu wabwino koma wosadziwa manyazi. Ndikamadutsa ndi anzanga a kusukulu ankakuwa msewu wonse kumva kuti, "Iwe, dzatenge nsapato zako zija, ndazimata kachisanu tsopano!" Ine ndinkangofuna kulowa pansi. Kuyambira nthawi imeneyo ndinadziwa chimene ndimaopa pa moyo wanga. Umphawi ayi, umenewo tinazolowerana kalekale. Ine ndimaopa mboni.

N'chifukwa chake tayi sindivula ngakhale dzuwa liswe mtengo. N'chifukwa chakenso pabalaza panga pali kabati ya magalasi, ndipo m'kabatimo muli chitini chokongola cha tiyi wakunja chimene tiyi wake anatha mwana wanga woyamba asanamere ndevu. Kubafa kuli botolo lagolide la mafuta odzola. Tilinso ndi sopo mmodzi wonunkhira, uja wa pepala lagolide, amene amatuluka alendo akafika n'kubwerera m'kabati alendo akangotsazika. Sopo ameneyo wawona maukwati awiri pakhomo panga ndipo zilembo zake zikuwerengekabe. Ife eni nyumba timasambira sopo wobiriwira wautali, amene mayi a kunyumba amacheka panayi ndi mpeni wa anyezi.

Ana tili nawo anayi. Atatu oyambawo anadutsa m'kalasi mwanga akuyasamula, mmodzi anachita kugoneratu mpaka kudontheza dovu pa buku la boma. Koma wotsiriza, mtsikana amene pakhomo timangomuitana kuti Mzime, anabadwa ndi matenda anga. Ali folomu yoyamba ankatola nyuzipepala zakale m'chipinda cha aphunzitsi, n'kumadula tsamba la mitengo ya masheya kukamata m'kope. Ankati akadzakula adzagwira ntchito kumsika wa masheya komweko. Padziko lonse lapansi, munthu wokhulupirira kuti a Phindu amadziwa zimene amanena anali mmodzi yekha, ndipo ankagona m'nyumba mwanga. Chimenecho ndicho chinali chuma changa chonse, ngakhale ndinali ndisanadziwe.

Chaka chimene Mzime anali folomu yachitatu, kunabwera mpikisano wa masukulu khumi ndi asanu ndi atatu a m'dera lathu. Kalasi iliyonse inapatsidwa miliyoni imodzi yongoyerekeza, ya papepala chabe, kuti igule masheya pa mitengo yeniyeni ya m'nyuzipepala. Mukagula mwagula, palibe kusintha mpaka patatha miyezi isanu. Opindula kwambiri atenga chikho. Ahedi anandiitana mu ofesi n'kundigwira paphewa.

"A Phindu," anatero, kenaka anatsokomola pozindikira kuti atchula dzina la ana, "chikho chimenechi chikapita kwina, ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikuweta chiyani?"

Ndinalowa m'kalasi tsiku limenelo ngati ndine mwini banki. Ndipo phunziro linali labwino, abale, limenelo musandilande. Ndinati, "Sheya ndi kachidutswa ka kampani. Kampani ikamagulitsa, kachidutswa kako kamanenepa. Ikasiya kugulitsa, kamawonda. Tsono ndani amayamba kudziwa zimene anthu akugula? Bwana wa mu ofesi amamva mochedwa. Woyamba kudziwa ndi iwe amene umatumidwa kugolosale. Tsekani nyuzipepala. Pitani kwanu, lowani kukhitchini, lowani kubafa, lembani chilichonse chimene mumagula ndi kampani imene imapanga. Chimene chipezeke m'nyumba zambiri, masheya ake ndi amene tigule."

Ana anawomba m'manja. Mzime ankandiyang'ana maso ali mwee. Ndikanalekera pomwepo bwenzi lero ndikusimba nkhani ina. Koma m'manja mukalira, mphunzitsi safuna kukhala pansi. Ndinawonjezera kuti, "Ndipo Lolemba aliyense adzaimirira n'kuwerenga mndandanda wake pamaso pa anzake."

Loweruka m'mawa ndinali pakhonde ndikupolisha nsapato. Mzime anazungulira nyumba yonse ndi kope lake, kutsegula makabati, kununkhiza mabotolo, kufunsa amayi ake mafunso mpaka anamuthamangitsa kukhitchini. Atatha anabwera akudumphadumpha.

"Ababa, taonani ngati ndalemba bwino."

Ndinapukuta manja n'kuwerenga. Kalanga ine! Mwanayo analemba bwino zedi. Sopo: wobiriwira wautali, amayi amacheka panayi, timasambira, timachapira, timatsukira mbale, ndipo ababa amameterera ndevu. Mafuta odzola: botolo ndi lagolide, koma a m'katimo timagula a m'chigubu n'kuthira ndi fanulo. Tiyi: chitini ndi chakunja, tiyi wake ndi wa timapaketi. Mankhwala otsukira mano: chubu chikatha timachitumbula ndi lezala, chimatifikitsa sabata ina. Pansi pake anajambula mzere n'kulemba kuti sopo wautaliyo, timapaketito ndi chigubucho zonse zimachokera ku kampani imodzi, ndiye tigule imeneyo.

Ndinaona ana makumi asanu akumva kuti a Phindu amametera sopo wotsukira mbale. Ndinaona nkhaniyo ikutuluka pawindo, kulowa m'chipinda cha aphunzitsi, kukafika kwa a Chipululu.

"Lembanso," ndinatero. "Ulembe zimene zalembedwa pa botolo ndi pa chitini."

"Koma ababa, munati tilembe zimene timagula."

"Botolo lija sitinagule?"

"Anatipatsa azakhali lili lopanda kanthu."

"Usandiphunzitse ntchito iwe! Za m'nyumba sakayanika pabwalo. Ndi sopo wa m'kabati uja umulembe."

"Uja sitisambira."

"Tili naye kapena tilibe?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanalire, ndipo kukanakhala bwino akanalira. Ndinathothola tsambalo m'kope mwake, kulipinda, kuliika m'thumba la buluku. Mayi a kunyumba anali ataima pakhomo ndi beseni la zovala. Anangoti, "Chikomekome cha nkuyu," osamaliza n'komwe mwambiwo, n'kupita kukayanika.

Lolemba linafika. Abale inu, sindinadziwe kuti ndimaphunzitsa ana a mabwana okhaokha! Woyamba kuimirira anali mnyamata wa zidendene zong'aluka zoti mungabisemo ndalama yachitsulo. Kwawo amasambira sopo wagolide, amadzola mafuta a botolo lagolide. Wachiwiri chimodzimodzi, anawonjezerapo mankhwala otsukira tsitsi. Wachitatu, poona kuti anzake amusiya, anati kwawo ngakhale galu amasambira sopo yemweyo. Mtsikana wina amene ndinkadziwa bwino kuti amabwera kusukulu osadya anawerenga mitundu itatu ya zopaka pa buledi. Mzime anaimirira, anawerenga bodza langa ndi mawu otsika, maso ali pa desiki, n'kukhala pansi. Ana makumi asanu ndi awiri, sopo wobiriwira sanatchulidwe ngakhale kamodzi.

Tsono apa ndi pamene mundiseke bwino, chifukwa ndine woyenera. Ine, amene ndinachita kulembetsa bodza ndi pakamwa panga dzana lake lomwelo, ndinakhulupirira mindandanda ina yonseyo. Ndithu! Sizinandidutse m'mutu kuti m'nyumba zina makumi asanu ndi imodzi munalinso bambo wa nsapato m'manja wonena kuti lembanso, kapena mwana wodzilembera yekha zoti anzake asamuseke. Ndinkayesa wabodza ndine ndekha. Ndinaima pabolodi ndikuwonkhetsa, mtima ukundipweteka kuti ngakhale osoka matumba a makala andipitirira, akusambira sopo wagolide ine ndikununkha mbale.

"Umboni ndi uwu," ndinatero ndikumenya bolodi ndi choko. "Miliyoni yonse ku kampani ya sopo wagolide. Alipo wotsutsa?"

Dzanja la Mzime linakwera mpaka paphewa. Ndinayang'ana kumbali ina, kuwindo, ngati kunja kukuchitika zodabwitsa. Nditabweza maso linali litatsika.

Kunyumba sanandichitire mwano. Moni ankapereka, madzi osamba ankanditengera, ndikamutuma ankapita. Koma kope la mitengo lija ndinalipeza likuchirikiza mwendo wa tebulo umene unkagwedera. Kusukulu anasamuka pa desiki yakutsogolo n'kukakhala kumbuyo pafupi ndi tsache. Ndikafunsa funso loti yankho lake ndi iye yekha akulidziwa, ankangoyang'ana zikhadabo zake. Ndinadziuza kuti ndi msinkhu, zimatha zokha.

Lachisanu lililonse ndinkalemba mtengo wa masheya athu pakona ya bolodi. Mwezi woyamba unangoima. Mwezi wachiwiri unayamba kutsetsereka. Ndinauza ana kuti msika umafuna kudekha, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwezi wachitatu nkhonoyo inafa. Kampani inalengeza kuti katundu wake sakuyenda ndipo yatseka fakitale imodzi. Pamene kampani ija ya sopo wobiriwira ndi timapaketi, imene palibe mwana anaitchula, inkangokwera sabata ndi sabata. Pa masukulu khumi ndi asanu ndi atatu tinali a nambala khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo otsirizawo anali oti mphunzitsi wawo anaiwala kutumiza mayina a makampani. A Chipululu ankandilonjera m'mawa uliwonse kuti, "Mwadzuka bwanji a Luza?"

Sabata yomweyo Mzime anandibweretsera pepala. Pasukulu pathu mwana akamamaliza folomu yachitatu amaloledwa kusiya phunziro limodzi, koma kholo lisayine. Anali atalemba kale ndi dzanja lake kuti akusiya za malonda, akupitiriza jogalafe.

"Jogalafe?" ndinakuwa. "Ukufuna kukadya mapiri?"

"Asayine ndani, inu kapena amayi?"

"Siya pompo, ndiliona."

Ndinaliika pansi pa chitini cha tiyi. Linali loti libwezedwe pasanathe masabata awiri. Chikho chinali chitapita kale, chimenecho ndinali nditalira n'kupukuta misozi. Koma pepala ili linandilanda tulo ndi njala yomwe. Mwana yekhayo amene ankafuna kudzakhala chimene ine ndinalephera kukhala ankatuluka m'kalasi mwanga, ndipo chitseko ndinamutsegulira ndine.

Sopo wobiriwira sindigula pa golosale yapafupi, mwina mwaganiza kale. Ndimakwera basi mpaka kutsidya kwa tauni, ku sitolo ina ya kuseri kwa malo okonzera matayala, kumene kulibe mwana wondidziwa. Loweruka limenelo ndinafika, ndinagula mitanda iwiri, mayi wogulitsa akundikulungira m'nyuzipepala monga mwa masiku onse. Potembenuka ndinagundana chifuwa ndi munthu wa chipewa chofika m'maso. Phukusi lake linagwa pansi n'kumasuka. Sopo wobiriwira, mitanda itatu. Ndinakweza maso. Ahedi!

Tinayang'anana. Mwana wawo anali m'kalasi mwanga, ndipo ndi uja wa galu wosambira sopo wagolide.

"Ndi wochapira makatani a kusukulu," anatero ahedi.

"Wangayu ndagulira wantchito," ndinatero ine, munthu woti sindinalembepo wantchito chibadwire.

Mayi wogulitsayo anaseka mpaka kugwira kauntala. "Inu azibambo a matayi mumandisangalatsa. Aliyense akabwera kuno ndi wa makatani, ndi wa wantchito, ndi wa agogo akumudzi. Kodi m'tauni muno mulibe amene amasamba?" Analoza shelefu ya pamwamba. "Wagolide wanuyo ndi uyo. Makatoni awiri chaka chatha mpaka lero. Ndimachita kumupukuta fumbi ngati chithunzi cha malemu."

Ahedi anatola sopo wawo, ine ndinakumbatira wanga. Tinakwera basi imodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo mpaka lero sitinakambiranepo za tsiku limenelo.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera mayi a kunyumba zonse. Ndinkayembekezera kuti adabwa. Sanasiye n'komwe kusita.

"Inu abambo, azimayi tonse a mumzere uno timabwerekana fanulo imodzi. Mukanandifunsa."

"Bwanji simunandiuze?"

"Mwana wanu anakuuzani, mochita kulemba. Munamuyankha chiyani?" Anaimika simbi, kulowa kuchipinda, n'kubwera ndi tsamba lija lopindapinda. "Ndinalipeza m'thumba pochapa. Manyazi anapha lambe, abambo. Inu akuphetsani mwana."

Lolemba ndinapita kusukulu nditasenza katoni. Ndinaiika pa tebulo, ana akudabwa. Ndinatulutsa chitini cha tiyi, kuchitsegula, kukhuthula timapaketi. Ndinatulutsa botolo lagolide, chigubu chake ndi fanulo. Ndinatulutsa chubu chotumbula. Pomaliza ndinaimika sopo wobiriwira, ndi kachidutswa kake kena kali ndi ndevu zanga zomatirira.

"Mndandanda woona m'kalasi muno unali umodzi," ndinatero, "ndipo ndinaung'amba ndine, chifukwa unkanena za kunyumba kwanga. Tamverani."

Ndinawerenga wonse, osadumpha mzere. Pa ndevu paja kalasi inaphulika. Anaseka ana, ena kugwa pa mabenchi, ena kumenya madesiki, mpaka a Chipululu anasuzumira pawindo kuti aone ngati kwabuka ndewu. Ndinaima pomwepo ndikudikira kufa, koma imfa sinabwere. M'malo mwake mnyamata wa zidendene uja anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, kwathu timacheka pasanu ndi kamodzi."

"Ife timathira madzi m'botolo la mankhwala otsukira mbale mpaka thovu litasiya," anatero wina.

Mwana wa ahedi anati galu wawo sanasambepo chibadwire, ndipo akamuona munthu atanyamula ndowa amathawa. Tinalembanso mindandanda tsiku lomwelo, ulendo uno popanda mayina, kuponya m'katoni. Pa mapepala makumi asanu ndi awiri, makumi anayi ndi asanu ndi anayi anali a sopo wobiriwira. Yankho linali m'kalasimo kuyambira tsiku loyamba, aliyense atalikhalira. Tikanagula kampani imeneyo chikho chikanakhala chathu mosapikisana. Ndinawauza kuti alembe m'makope mwawo kuti pofufuza msika usamafunse munthu zimene amagula anzake akumva. Linali phunziro labwino kuposa onse amene ndaphunzitsapo, ndipo ndinatuluka thukuta lachimwemwe. Mumtima ndinkati basi, mwana wanga ndamubweza.

Belu litalira ana anatuluka akukankhana, akutsanzira mmene ndimametera. Mzime anatsala. Anabwera kutsogolo pang'onopang'ono n'kuyamba kundithandiza kulongedza m'katoni, timapaketi m'chitini, fanulo m'chigubu. Ndinadikira kuti anene kanthu kabwino. Ndinali nditakonzeratu nkhope yokhululukidwa.

"Ababa," anatero, koyamba kunditchula choncho pasukulu, "ndifunse?"

"Funsa, mwanawe, funsa."

"Masheya aja akanakwera, mukanawerenga pepala langali?"

Mayankho ndinali nawo ambiri, ndine mphunzitsi, ndimadyera pakamwa. Ndikanati inde, ndinali nditaganiza kale. Ndikanati mtima unkandivuta kuyambira tsiku lomwe lija. Koma mwanayo ankandiyang'ana ndi maso omwe aja, ndipo ndinali nditamunamizitsa kale kamodzi chifukwa cha ndalama zoti kulibe n'komwe.

"Ayi," ndinatero. "Ndikananyamula chikho, n'kujambulitsa."

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wapeza yankho limene ankaliyembekezera pa samu. Kenaka anatsegula chikwama chake n'kutulutsa pepala losiyira phunziro lija. Anali atalichotsa pansi pa chitini m'mawa, ine ndikulongedza. Analiyala pa tebulo n'kuloza pa mzere wa kholo.

"Sindikukwiya, ababa. Koma ndikakhala m'kalasi muno ndimangoganiza kuti kodi apa akunena zoona kapena pali amene akuonerera."

Zinandipweteka kuposa kuseka konse kwa ana aja. Ndinasolola cholembera changa chonyezimira cha m'thumba la shati, chimene chimaonekera patali ndikamayenda. Ndinachigwira pamwamba pa mzerewo kanthawi, kenaka ndinachibwezera m'thumba. Inki yake inatha zaka zitatu zapitazo.

"Tandibwereka chako," ndinatero.

Anandipatsa chake cha pulasitiki, chotafunidwa kumutu, ndipo ndinasayina.